Kokeni ndi Kachipata ka mu Ubongo: Mbiri ya Funso Limene Linatenga Zaka Zoposa 100

Lignocaine ndi mankhwala amene pafupifupi aliyense wogwira ntchito m'chipatala anawagwirapo. Timabaya tisanasoke bala, tisanaike kapena kuchotsa impulanti pamkono, pochita mdulidwe wa abambo komanso pozula dzino. Koma ndi ochepa amene anadzifunsapo kuti zilembo zakuti "caine" zimene zili kumapeto kwa dzinali zinachokera kuti. Zinachokera ku kokeni, amene pa Chingerezi amalembedwa kuti cocaine. Kokeni ndiye anali mankhwala oyamba ochititsa dzanzi pamalo amodzi pathupi, ndipo procaine, lignocaine ndi bupivacaine anapangidwa pambuyo pake pofuna kusunga dzanzilo n'kutaya zoopsa zake.

Dzanzi la kokeni silinavute kuliona. Chimene chinasowetsa madokotala tulo ndi mbali inayo: zimatheka bwanji kuti ufa womwewo umene umachititsa dzanzi pa lilime uchititse munthu wanzeru zake kuiwala chakudya, ntchito ndi banja? Yankho linapezeka pa kapuloteni kamene ntchito yake ndi kutolera dopamine ndi kumubwezera m'maselo a ubongo. Dzina lake ndi dopamine transporter, mwachidule DAT. Kokeni anatulutsidwa m'masamba mu 1860, koma DAT anadziwika kapangidwe kake mu 1991.

Tsamba la ku Andes

Coca ndi chitsamba chimene chimamera m'mphepete mwa mapiri a Andes, m'mayiko amene lero ndi Peru, Bolivia ndi Colombia. Ofukula zakale ku Peru anapeza umboni wakuti anthu ankatafuna masamba ake zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Amaika masamba m'tsaya pamodzi ndi laimu pang'ono kapena phulusa, zimene zimathandiza kuti mphamvu ya tsambalo ituluke. Kokeni amene ali m'tsamba nthawi zambiri sakwana 1 peresenti, ndipo amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Wotafunayo njala ndi kutopa zimamuchepera. Mfundo ya kulowa pang'onopang'onoyi muisunge, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Anthu a ku Spain atalanda derali m'zaka za m'ma 1530, atsogoleri ena a mpingo anadzudzula coca kuti ndi wa zikhulupiriro zachikunja. Kudzudzulako sikunapite patali. Mu 1545 kunapezeka siliva ku Potosí, pamalo okwera mamita pafupifupi 4,000, ndipo eni migodi anaona kuti anthu okakamizidwa kukumba ankapirira kwambiri akamatafuna masambawa. Coca anasanduka malonda aakulu okhometsedwa msonkho. Ku Ulaya kokha sanatchuke msanga, chifukwa masamba ankafika atatha mphamvu pa ulendo wautali wa panyanja.

Zinasintha pamene Albert Niemann, wophunzira wa ku yunivesite ya Göttingen ku Germany, anapatsidwa masamba ochuluka amene anabwera ndi sitima ya ku Austria yotchedwa Novara. Mu 1860 analemba kuti watulutsamo ufa woyera, wowawa, umene umachititsa dzanzi pa lilime, ndipo anautcha kokeni. Niemann anamwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 26. Za dzanzi lija zinangokhala papepala kwa zaka 24.

Chaka cha 1884

M'chaka chimenechi pa chipatala chachikulu cha ku Vienna panali madokotala awiri achinyamata amene ankadziwana bwino. Wina anali Sigmund Freud, wa zaka 28, amene panthawiyo anali asanatchuke. Anagula kokeni wa kampani ya Merck, anamuyesa pa iye mwini, ndipo mu July anafalitsa nkhani yotchedwa Über Coca. M'nkhaniyo anatamanda kokeni kuti amachotsa kutopa, amathandiza m'mimba, amasangalatsa wokhumudwa, ndiponso angathandize munthu kusiya morphine.

Mfundo yomalizayi anaiyesa pa mnzake, Ernst von Fleischl-Marxow, katswiri amene anadulidwa chala chachikulu ndipo ankamva ululu wosatha umene unamulowetsa m'chizolowezi cha morphine. Masiku oyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Pasanathe chaka Fleischl anali akudzibaya kokeni wochuluka, osasiyanso morphine, ndipo anayamba kuona ndi kumva ngati tinjoka tikuyenda pakhungu lake. Anamwalira mu 1891 ali ndi zaka 45. Kumva ngati tizilombo tikuyenda pansi pa khungu ndi chizindikiro chimene timachionabe mpaka lero mwa anthu amene agwiritsa ntchito kokeni wambiri. Pofika 1886, dokotala wa ku Germany Albrecht Erlenmeyer anali atachenjeza kale kuti kokeni ndi mliri wachitatu, wotsatira mowa ndi mankhwala a mtundu wa morphine.

Dokotala winayo anali Karl Koller, amene mtima wake unali pa matenda a maso. Masiku amenewo opaleshoni ya ng'ala inali yosautsa. Kugoneka wodwala ndi ether kapena chloroform kunkachititsa kusanza, ndipo kusanzako kunkatha kuwononga diso limene langochitidwa opaleshoni, choncho odwala ambiri ankangogwiridwa mwamphamvu ali maso. Koller anadonthezera madzi a kokeni m'diso la chule, kenako la kalulu ndi la galu, pomaliza m'diso lake. Ankatha kukhudza diso osamva kanthu. Analibe ndalama yopitira ku msonkhano wa madokotala a maso ku Heidelberg, motero mnzake Josef Brettauer ndiye anakawerenga lipotilo pa 15 September 1884. Patangopita miyezi yochepa, madokotala ku Ulaya ndi ku America anali akugwiritsa ntchito njirayi.

Ku New York, dokotala wa opaleshoni William Halsted anapeza kuti akabaya kokeni pafupi ndi mtsempha wa mauthenga, chigawo chonse chimene mtsemphawo umatumikira chimachita dzanzi. Iye ndi anzake ankayeserana okhaokha, ndipo angapo a iwo anagwidwa ndi chibaba. Halsted anagonekedwa m'chipatala ku Providence mu 1886, komwe anamuchotsa pa kokeni pomupatsa morphine, ndipo morphine ameneyo sanamusiye moyo wake wonse. Ndi Halsted yemweyu amene pambuyo pake, ali ku Johns Hopkins, anayambitsa kuvala magolovesi a labala ku fiyeta. Mu 1898 August Bier wa ku Kiel anabaya kokeni pamsana, ndipo apa ndi pamene panayambira jakisoni wa pamsana amene timagwiritsa ntchito pochita siza. Bier ndi womuthandiza wake anayeseranso pa iwo eni, ndipo onse anadwala mutu woopsa kwa masiku angapo. Anamwino amene anasamalirapo mayi wodandaula mutu pambuyo pa jakisoni wa pamsana akuudziwa mutu umenewu.

Amalonda sanachedwe. Vinyo wa coca wotchedwa Vin Mariani anali pamsika kuyambira 1863, ndipo Coca-Cola imene John Pemberton anapanga ku Atlanta mu 1886 inali ndi kokeni pang'ono mpaka cha m'ma 1903. Kokeni ankagulitsidwa momasuka ngati mankhwala a chimfine, a mano ndi a kutopa. Mavuto atachuluka, mayiko anasainirana pangano ku The Hague mu 1912, America inakhazikitsa lamulo la Harrison mu 1914, ndipo pangano la United Nations la 1961 linaika kokeni ndi tsamba la coca m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mokhwima. Ku chipatala, procaine anayamba kulowa m'malo mwake kuyambira 1905, ndipo lignocaine anapangidwa ku Sweden mu 1943. Malamulo onsewa anapangidwa popanda aliyense kudziwa chimene kokeni amachita mu ubongo.

Kodi uthenga ukaperekedwa umathera kuti?

Maselo a ubongo sagundana. Pakati pa selo lotumiza uthenga ndi lolandira pali kampata kakang'ono kwambiri. Selo lotumiza limatulutsira m'kampatako timankhwala tonyamula uthenga, timene timakakhala pa malo olandirira a selo linalo. Kuti uthenga wina wotsatira umveke, woyambawo uyenera kuchotsedwa msanga. Kwa nthawi yaitali asayansi ankaganiza kuti timankhwala tonseti timangophwanyidwa pomwepo, monga mmene zimachitikira ndi acetylcholine.

Panali chinthu chimodzi chimene sichinkagwirizana ndi ganizoli. Mu 1910 Alfred Fröhlich ndi Otto Loewi anaona kuti nyama ikapatsidwa kokeni, adrenaline amaigwira mwamphamvu kuposa kale. Chifukwa chake chinadziwika patapita zaka 50. Cha m'ma 1960 ndi 1961, Julius Axelrod ndi anzake ku America anagwiritsa ntchito noradrenaline amene anamuika chizindikiro chomulondolera, ndipo anapeza kuti mitsempha imamuyamwanso n'kumusunga kuti adzagwirenso ntchito. Atapereka kokeni, kuyamwako kunaima. Axelrod analandira mphoto ya Nobel mu 1970.

Taganizirani mpopi umene umatseguka kamphindi n'kutseka, ndipo pansi pake pali ngalande yobwezera madzi mu thanki. Ngalande ikamayenda bwino, pansi pamauma msanga. Kokeni satsegula mpopi. Iye amatseka ngalande, ndiye madzi alionse amene atuluka amangodikha. Amphetamine amachita mosiyana: amalowa kudzera m'ngalande yomweyo n'kuitembenuza kuti iziyenda chobwerera, madzi azituluka mu thanki.

Nthawi yomweyi dopamine anali akutuluka mu mthunzi. Anapangidwa koyamba mu labotale ku London mu 1910, koma kwa zaka zambiri ankangomuona ngati chinthu chimene thupi limadutsapo popanga noradrenaline. Mu 1957 Kathleen Montagu anamupeza mu ubongo, ndipo Arvid Carlsson wa ku Sweden anasonyeza kuti akalulu amene anaumitsidwa thupi ndi mankhwala a reserpine ankadzuka n'kuyamba kuyenda akapatsidwa L-dopa, amene thupi limamusandutsa dopamine. Mu 1960 Oleh Hornykiewicz ku Vienna anapeza kuti ubongo wa anthu amene anamwalira ndi matenda a Parkinson unali ndi dopamine wochepa kwambiri. N'chifukwa chake wodwala amene akumwa haloperidol kapena chlorpromazine nthawi zina amauma khosi ndi kunjenjemera: mankhwalawa amatseka malo olandirira dopamine.

Dopamine sayendetsa miyendo yokha. Mu 1954 James Olds ndi Peter Milner ku yunivesite ya McGill ku Canada anaika kawaya mu ubongo wa makoswe ndipo anawapatsa kachitsulo koti akakadina, timagetsi tochepa tizilowa. Kawayako kakakhala pa malo ena, makoswe ankadina kambirimbiri osafuna kusiya. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti pa njira zimenezi pali maselo a dopamine ochokera pa malo otchedwa ventral tegmental area kupita ku nucleus accumbens.

Nyama zinanena zimene mabuku ankakana

M'zaka za m'ma 1970 madokotala ambiri ku America ankakhulupirira kuti kokeni sagwira munthu ukapolo kwenikweni. Maganizo awo anali akuti wosiya heroin amasanza, amatsegula m'mimba ndi kutuluka thukuta, wosiya mowa amanjenjemera ndipo akhoza kukomoka, pamene wosiya kokeni amangogona ndi kukhumudwa. Buku la madokotala a matenda a maganizo ku America la 1980, DSM-III, linalibe n'komwe matenda a kudalira kokeni. Anawaonjezera mu 1987.

Komatu nyama zinali zitanena kale. Mu 1969 ofufuza ku yunivesite ya Michigan anapatsa anyani mwayi wodzibaya okha kokeni nthawi iliyonse podina kachitsulo, ndipo anyaniwo ankadina mpaka kugwa khunyu ndi kufa. Mu 1985 Michael Bozarth ndi Roy Wise anayerekeza makoswe a kokeni ndi a heroin kwa masiku 30. Pa makoswe a heroin anafa 36 pa 100 alionse, pa a kokeni anafa 90. Kulakwitsa kwa madokotala kunali koyeza ukapolo ndi zimene thupi limachita munthu akasiya, m'malo moyeza ndi mphamvu imene imamukokera kubwerera. Kulakwitsa kumeneku sikunathe. Timakumvabe pamene wina akunena kuti uje alibe vuto la mowa poti sanjenjemera m'mawa.

Panatsala funso lovuta. Kokeni amagwira malo ambiri: amatseka njira za sodium m'mitsempha, kumene kumabweretsa dzanzi, ndipo amatseka zipata zitatu zobwezera timankhwala, cha noradrenaline, cha serotonin ndi cha dopamine. Chibaba chimachokera pati? Lignocaine amatseka njira za sodium koma palibe amene amagulitsa katundu wa m'nyumba kuti amupeze. Amitriptyline amatseka zipata za noradrenaline ndi serotonin koma anthu samuthamangira. Mu 1977 ofufuza ku Canada anaona kuti makoswe amene anawonongedwa mitsempha ya dopamine ya ku nucleus accumbens anachepetsa kwambiri kudzibaya kokeni.

Umboni umene unakhutiritsa ambiri unatuluka mu 1987 m'magazini ya Science, kuchokera kwa Mary Ritz, Michael Kuhar ndi anzawo ku Baltimore. Anatenga mankhwala angapo ofanana ndi kokeni n'kuyeza mphamvu imene aliyense amamatira nayo pa chipata chilichonse, kenako anayerekeza ndi mmene nyama zimalimbikirira kudzibaya mankhwalawo. Mankhwala omata kwambiri pa DAT ndi amene nyama zinkawafuna ngakhale pa mlingo wochepa. Pa zipata zinazo kugwirizana koteroko kunalibe. Chaka chotsatira Gaetano Di Chiara ndi Assunta Imperato ku Cagliari, Italy, anayeza madzi a mu ubongo wa makoswe amoyo ndipo anapeza kuti kokeni, amphetamine, morphine, chikonga cha fodya ndi mowa, zonse zimakweza dopamine ku nucleus accumbens, chilichonse mwa njira yakeyake. Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ngakhale ife amene odwala athu ambiri vuto lawo ndi kachasu ndi fodya.

Mu 1991 magulu angapo, kuphatikizapo la George Uhl ndi Kuhar, la Susan Amara, ndi la Bruno Giros ndi Marc Caron, anapeza jini imene imapanga DAT. Mwa munthu jiniyi imatchedwa SLC6A3 ndipo ili pa chromosome 5. Puloteni yake ili ndi timagawo 620 ndipo imalowa ndi kutuluka pa khungu la selo maulendo 12, ngati ulusi wosokera mphasa. Imakoka dopamine pamodzi ndi sodium ndi chloride, ndipo mphamvu yokokera imachokera ku sodium amene amakhala wochuluka kunja kwa selo kuposa m'kati.

Liwiro

Zonsezi zinkachitika pamene mizinda ya ku America inali pa moto ndi crack. Ufa wa kokeni ukatenthedwa umawonongeka, choncho anthu ankaununkhiza kapena kudzibaya. Ukaphikidwa ndi soda umasanduka timiyala timene timasutika, ndipo timiyalati tinkagulitsidwa motchipa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980. Mu June 1986 wosewera mpira wa basketball Len Bias anamwalira ndi kokeni ali ndi zaka 22, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo lakuti wopezeka ndi magalamu 5 a crack alandire chilango chofanana ndi wopezeka ndi magalamu 500 a ufa. Amene anadzaza ndende anali makamaka anthu akuda osauka. Kusiyanako kunachepetsedwa mu 2010. Kunena zoona, pa DAT pamafika mankhwala amodzimodzi, kaya achokera mu ufa kaya m'kamwala.

Chimene chimasiyana ndi liwiro, ndipo Nora Volkow ndi anzake ku Brookhaven, New York, anatha kuchiona ndi makina ojambula ubongo a PET. Mu 1997 anafalitsa kuti mlingo umene anthu amagwiritsa ntchito umatseka zipata za DAT pakati pa 60 ndi 77 pa 100 zilizonse, ndipo kuti munthu amve kukoma kwake pamafunika kuti pafupifupi theka zitsekeke. Anapezanso kuti kusuta, kubaya ndi kununkhiza kungatseke zipata zofanana kuchuluka, koma wosuta amamva msanga ndiponso mwamphamvu, chifukwa utsi umachoka m'mapapo kufika mu ubongo m'masekondi ochepa. Kukomako kumatha m'mphindi zochepa, munthu n'kufunanso. Methylphenidate, amene amaperekedwa kwa ana a vuto la ADHD, amamata pa DAT yemweyo, koma akamwedwa ngati piritsi amakwera pang'onopang'ono ndi kutsika pang'onopang'ono. Mlimi wa ku Bolivia amene ali ndi masamba m'tsaya ndi wosuta crack ku Baltimore akugwiritsa ntchito mankhwala amodzi pa liwiro losiyana kotheratu. Dziko la Bolivia linatuluka m'pangano la 1961 n'kulowanso mu 2013 litapatula kutafuna masamba.

Mbewa zimene zinasokoneza nkhani

Mu 1996 Giros, Caron ndi anzawo ku yunivesite ya Duke anapanga mbewa zobadwa zopanda DAT. Mbewazi zinali zosakhazikika, zothamangathamanga, ndipo dopamine ankakhala m'kampata nthawi yotalika kuwirikiza pafupifupi ka 100 kuposa mwa mbewa wamba. Zitapatsidwa kokeni sizinaonjezere kuthamanga. Zinaoneka ngati mlandu watha.

Patapita zaka ziwiri, mu 1998, kunatuluka zotsatira zodabwitsa: mbewa zomwezo, zopanda DAT, zinkadzibayabe kokeni zikapatsidwa mwayi, ndipo zinkakondabe malo amene zinalandirirako kokeni. Ena anayamba kunena kuti mfundo ya DAT yagwa. Mu 2001 Ichiro Sora, Uhl ndi anzawo anachotsa DAT pamodzi ndi chipata cha serotonin, ndipo kukonda malo kuja kunatha. Zinaoneka kuti ubongo umene wakula wopanda DAT umadzikonza mwanjira ina, moti zipata zina zimayamba kugwira ntchito imene sizigwira mwa nyama wamba. Kuchotsa chinthu kuyambira pa kubadwa sikufanana ndi kuchitseka mwa wamkulu.

Amene anamasula mfundoyi ndi Howard Gu ndi gulu lake ku Ohio State mu 2006. M'malo mochotsa DAT, anasintha timagawo take titatu kuti azinyamulabe dopamine koma kokeni azivutika kumatapo. Mbewa zimenezi sizinasonyeze kukonda malo a kokeni, ngakhale kuti zipata za serotonin ndi noradrenaline zinali bwinobwino. Kuchokera 1996 kufika 2006 panadutsa zaka 10 za mtsutso, ndipo ndi chitsanzo chabwino kwa aliyense amene amawerenga lipoti limodzi la kafukufuku n'kufuna kusintha zonse tsiku lomwelo.

Tanthauzo la dopamine nalonso linasintha. Kumutcha mankhwala a chisangalalo n'kuphonya pang'ono. Wolfram Schultz anayeza maselo a dopamine mwa anyani ndipo anaona kuti amalira kwambiri nyani akalandira madzi a zipatso mosayembekezera. Nyani akaphunzira kuti kuwala kwina kumatsogolera madziwo, maselo amayamba kulira pa kuwalako, ndipo madzi akalephera kubwera amakhala chete. Ndiye kuti dopamine amauza ubongo kuti ichi chaposa chimene umayembekezera, chikumbukire pamodzi ndi zonse zimene zinali pafupi. Pa chakudya uthengawu umachepa munthu akazolowera. Kokeni amakweza dopamine mwachindunji ulendo uliwonse, choncho ubongo umangophunzirabe. Terry Robinson ndi Kent Berridge anafotokoza mu 1993 kuti kufuna chinthu ndi kuchikonda zimayenda njira zosiyana mu ubongo. Wodwala akamati sindikumvanso kukoma koma ndikulephera kusiya, sakunama. Akamati chibaba chimamugwira akadutsa pa malo ena, akaona anzake ena kapena akalandira malipiro, akufotokoza zimene Schultz anaona mwa anyani.

Gulu la Volkow linapezanso kuti anthu amene agwiritsa ntchito kokeni nthawi yaitali amakhala ndi malo olandirira dopamine a mtundu wa D2 ochepa, ndipo kuchepaku kunkaonekabe patatha miyezi 3 kapena 4 atasiya. Izi zikugwirizana ndi kufooka ndi kusasangalala ndi chilichonse kumene kumabwera masabata oyamba, nthawi imene ambiri amabwerera. Komabe si onse amene amagwidwa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa 1994 anapeza kuti mwa anthu amene analawapo kokeni, pafupifupi mmodzi mwa 6 alionse ndiye anafika pomudalira. Mu 2002 gulu la Michael Nader ku Wake Forest linaika pamodzi anyani amene poyamba ankakhala okhaokha. Amene anakhala atsogoleri a gulu, malo awo a D2 anachuluka ndipo sankadzibaya kokeni kwambiri, pamene oponderezedwa ankadzibaya wochuluka. Mmene nyama ikukhalira ndi anzake zinasintha ubongo wake m'miyezi yochepa.

Chifukwa chake mankhwala kulibe

Mu 2015 gulu la Eric Gouaux ku Oregon linajambula DAT wa ntchentche za pa zipatso, kokeni ali m'kati, ndipo mu 2024 kunatuluka zithunzi za DAT wa munthu. Zithunzizi zinatsimikizira kuti kokeni amakhala pamalo omwewo pamene dopamine amayenera kukhala, n'kuumitsa chipata chili chotsegukira kunja, moti sichingatembenukire m'kati kukatula katundu. Apa pali vuto lenileni. Ofufuza ankafuna mankhwala oletsa kokeni kumata koma olola dopamine kudutsa, ndipo zimenezi n'zovuta ngati onse awiri akulimbirana mpando umodzi. Mankhwala ambiri amene amathamangitsa kokeni pampandopo amatsekanso chipata. Ayesa modafinil, bupropion, topiramate, disulfiram, ngakhale katemera, koma mpaka pano palibe mankhwala ovomerezedwa ochiza chibaba cha kokeni monga mmene methadone alili pa heroin.

Njira imene ili ndi umboni wamphamvu ndi yosavuta kuimva. Mu 1991 Stephen Higgins wa ku yunivesite ya Vermont anayamba kuyeza mkodzo wa odwala kangapo pa sabata, ndipo ukapezeka wopanda kokeni ankawapatsa makuponi ogulira zinthu. Mtengo wa kuponi unkakwera wodwala akapitiriza, ndipo unkabwerera pansi akaphonya. Ena amanyansidwa kuti n'kulipira munthu chifukwa chosiya choipa. Koma ngati ubongo umaphunzira kuchokera ku mphoto yobwera msanga, n'zomveka kuti mphoto yaing'ono ya lero ikhale ndi mphamvu kuposa lonjezo la moyo wabwino zaka 10 zikubwerazo.

Bungwe la UNODC linanena kuti mu 2023 padziko lonse panapangidwa kokeni woposa matani 3,700, ndipo omugwiritsa ntchito anali pafupifupi 25 miliyoni. Wina amadutsa kum'mwera kwa Africa kuno, kuchokera ku Brazil kudzera ku South Africa ndi Mozambique, ndipo kumene katundu amadutsa, wina amatsalira. Wodwala wa kokeni akafika ku chipatala, zimene zingamuphe msanga zimachokera ku malo ena aja amene ofufuza za chibaba anawaika pambali. Kutsekeka kwa chipata cha noradrenaline kumafinya mitsempha ya magazi, kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP, choncho wachinyamata akhoza kubwera ndi ululu wa pamtima kapena sitiroko, wonunkhiza akhoza kuboola khoma la pakati pa mphuno, ndipo kwa mayi woyembekezera nsengwa ikhoza kumatuka nthawi isanakwane. Kutsekeka kwa njira za sodium kumasokoneza kagundidwe ka mtima. Womwera mowa pamwamba pake, chiwindi chimapanga mankhwala ena otchedwa cocaethylene amene amakhalitsa m'magazi kuposa kokeni. Ogulitsa amasakanizanso ufawu ndi levamisole, mankhwala a nyongolotsi za ziweto, amene amatha kugwetsa maselo oyera a magazi.

Wodwala wolusa, wa maso otukumuka tsinde lakuda, wotentha thupi kapena wogwa khunyu amafunika diazepam, kuziziritsidwa msanga ndi kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Naloxone sachotsa mphamvu ya kokeni, ngakhale amafunikabe ngati wodwala akupuma mofooka ndipo pali chikayikiro chakuti ufawo unasakanizidwa ndi mankhwala a mtundu wa heroin. Amene wameza timapaketi kuti awolotse malire n'kuyamba kusonyeza zizindikiro zimenezi ndi wa opaleshoni yamwadzidzidzi, chifukwa paketi imodzi yokha ikang'ambika imatulutsa kokeni wokwanira kupha.